Malita Makumi Awiri a Telala

A Telala anawapeza atafa m'galimoto yawo m'mawa wa Lachinayi, pansi pa mtengo wa m'mbali mwa malo omwetsera mafuta, tepi yoyezera zovala ikadali m'khosi.

Sajeni anafika wapansi. Galimoto ya polisi inali itatha masiku asanu ndi anayi ili chiimire pabwalo, moti nkhuku za mlonda zinali zitayamba kuikira pansi pake. Sajeniyo anali mayi wojintcha, wosakonda kulankhula, amene anagwira ntchitoyi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Anayenda motsata mzere wa galimoto umene unayambira papampu, kudutsa pasitolo ya mankhwala, kukhota patchalitchi, mpaka kukazimiririka kuseri kwa sukulu. Ena ankasukusula ndi madzi a m'botolo, ena atayanika masokosi pagalasi. Pafupifupi m'galimoto iliyonse wailesi inali ikukangana yokha.

Mkanganowo unali umodzimodzi kwa mwezi wathunthu. Mafuta atasowa, boma linalamula kuti galimoto iliyonse izimwa malita makumi awiri okha pasabata, zigubu ayi, ndipo mwini galimoto azikhalamo yekha n'kudinda chala m'buku la papampu ndi inki yosachoka msanga. Ena ankati lamuloli lateteza amphawi kwa anthu olemera ogula thanki yonse. Ena ankati boma likugawa njala mwadongosolo.

Anthu anamupatukira Sajeni. Mlonda wa pamalopo, nkhalamba yovala jekete lalikulu kuposa mwini wake, ndi amene anapeza malirowo.

"Ndimati ndiwauze asunthe galimoto, a Sajeni. Ndagogoda, zii. Ndachotsa chipewa kumaso, ndiye ndaona zimenezi."

Sajeni anawerama pawindo. Nkhopeyo ankaidziwa. A Telala ndi amene anamusokera mizere itatu ya usajeni pamkono wa yunifolomu tsiku limene anakwezedwa, ndipo anakana kulandira kanthu, amvekere, "Mudzangondimanga mwaulemu ndikadzalakwa." Tsopano anali atatsamira pampando, pakamwa pali pululu pang'ono, pamphumi pali bala lalifupi ngati la chikwanje chobuntha.

Pampando wa pambali panali thalauzi la munthu wina, singano itabayidwa pakati pa msoko wosatha. Panalinso fulasiki. Anaitsegula: tiyi wodzaza mpaka kukhosi, nthunzi ili tolo. Kapu yake inali youma.

Anapotokola kiyi. Kamuvi kosonyeza mafuta kananyamuka pang'onopang'ono n'kukaima pamwamba pa theka.

Kenaka ananyamula dzanja lamanja la malemuwo. Chala chachikulu chinali bii ndi inki. Anayang'ana chiwongolero, anayang'ana kiyi, handibuleki, chogwirira chitseko, thalauzi lija. Panalibe ngakhale kadontho. Iye mwini anadindapo m'buku lotere sabata yapitayo pomwetsa njinga yamoto ya mwamuna wake, ndipo inkiyo inamuthimbiritsira foni, kolala ndi theka la khitchini.

Foni yake inalira. Anali a Insipekitala, bwana wake.

"Ndamva kuti pali bala."

"Lilipo, bwana."

"Ndamvanso kuti dzulo anatukwanizana ndi dalaivala wa minibasi. Mugwireni ameneyo atolankhani asanafike. Galimotoyo ibwere kuno, ndi umboni."

"Bwana, munthuyu wamwetsa mafuta m'mawa uno, koma chidindireni chala sanagwire kanthu kalikonse."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Sindinadziwe."

*

Wothira mafuta anali mayi wachichepere, wamaso ofiira ndi tulo. Anamutengera Sajeni m'kachipinda kosungira mabuku, momwe munkanunkha petulo ndi sopo. Anatsegula buku osafunsidwa. Nambala ya galimoto ya a Telala inali pamenepo, nthawi yake 6:40. Zidindo za ena onse zinali zowongoka. Cha a Telala chinali chopendekeka, chonona, ngati munthu wapondereza chala cha mnzake papepala.

"Thankala inafika nthawi yanji?" anafunsa Sajeni.

"Kusanache. Tinatsegula sikisi."

"A Telala anali achingati?"

"Achikhumi ndi chimodzi."

"Anakhala masiku angati pamzerepu?"

"Anayi."

"Munawalankhula m'mawa uno?"

"Anali otopa, a Sajeni."

"Sindinafunse zimenezo. Analankhula?"

Mayiyo anayamba kuseweretsa batani la pachifuwa cha yunifolomu yake. Mabatani ena onse anali osokedwa ndi ulusi woyera. Limeneli linali la ulusi wofiira.

"Anakusokerani ndi iwowo?"

"Lachiwiri. Anangondiitana, amvekere, 'Mwana wanga, batani likugwa ilo, bwera nalo kuno.' Anasokera anthu ambiri pamzerepu. Ankati manja akangokhala amayamba kuganiza zoipa."

"Ndani anatsegula chivindikiro cha thanki?"

"Sindinaone nkhope. Anthu anali piringupiringu."

"Ndani anakupatsani dzanja lawo kuti lidinde?"

Mayiyo anatseka bukulo.

"Achemwali, buku munaligwira ndinu. Dzanja linatuluka pawindo. Linali bwanji dzanjalo?"

Misozi inatsika yokha, nkhope osasuntha.

"M'mawa kumazizira, a Sajeni," anatero. "Manja a aliyense amakhala ozizira."

*

Dalaivala wa minibasi ankamutcha Chimphepo, ndipo Sajeni sanavutike kumupeza chifukwa mawu ake ankamveka kuchokera patali. Mafuta anatha kutatsala galimoto ziwiri kutsogolo kwake, tsono anali atakhala padenga la minibasi yake akuyankha wailesi.

"Akuti tidekhe! Mwamva? Akuti sitima ya mafuta ili panjira. Sitima imeneyi ikuyenda chokwawa? Mkazi wanga anatenga mimba mpaka kuchira sitima ili panjira!"

Ataona Sajeni anatsika, n'kuvula kapusi.

"Munakangana ndi a Telala dzulo," anatero Sajeni.

"Dzulo lokha? Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu. Madala aja ankalikonda lamulo la malita makumi awiri ngati mwana wawo woyamba. Amvekere, 'Chimphepo, popanda lamuloli iwe ndi ine sitikanaona ndi dontho lomwe, akanatenga onse a matayi.' Ine ndimvekere, 'Madala, ngati boma mukulikonda choncho, kalifunsireni ukwati.' Anthu n'kumaseka. Iwo n'kumasekanso, uku akusoka thalauzi langa."

"Lili pampando lija ndi lanu?"

"Langa. Anati amaliza lero." Anapinda kapusi m'manja. "Salimalizanso."

"Munawamenya?"

"Ine? Kumenya munthu amene wandigwirira thalauzi?"

"Pamphumi pali bala."

Chimphepo anayang'ana kumbali.

Sajeni anamutengera kumbuyo kwa galimoto ya a Telala. Pafumbi la pabuti panali zikhatho, zikuluzikulu, zinayi kapena zisanu.

"Izi ndi zanu?"

"Zina ndi zanga. Pano timakankhana, mayi. Palibe woliza injini pamzere, ungathe kadontho komaliza. Mzere ukasuntha, timakankha ya kutsogolo, kenaka amatikankha ife."

"Ndiye munawakankha mpaka papampu. Atamwetsa, bwanji sanalize injini n'kumapita kwawo? Mafuta anali nawo. Munawakankhiranji mpaka pansi pa mtengo?"

"Batire mwina."

"Batire ndi yabwino, ndaiyesa. Kuchoka papampu kufika pamtengo galimoto yakhota kawiri. Ndani anagwira chiwongolero?"

"Eni ake."

"Ndi chala cha inki, osasiya banga?"

Munthu amene mawu ake ankamveka mpaka kutchalitchi uja anabisa manja m'matumba. Sajeni anayang'ana anthu amene anawazungulira: madalaivala, mayi wogulitsa nthochi, mphunzitsi wina wa tayi yofwifwa. Aliyense anapeza chochita ndi nsapato zake.

"Palibe anaona kanthu?"

Mayi uja anayamba kusanjanso nthochi zake.

"Chimphepo, bwana wanga akuti ndikutengeni pa mlandu wakupha. Mukandiuza amene anagwira chiwongolero, mugona kwanu."

Chimphepo anavala kapusi yake, n'kutambasula manja onse awiri.

"Ndimangeni, a Sajeni. Kupolisi kuli denga. Kuno ndagona panja masiku anayi."

*

Dokotala wa pachipatala cha m'tauniyo anali munthu wouma thupi ndi mawu omwe. Anamulandira Sajeni pakhomo la chipinda cha mitembo, mawindo onse ali otsegula.

"Muwauze achibale adzatenge msanga. Jenereta tikuisungira chipinda cha opaleshoni. Akufa adikire."

"Anaphedwa?"

"Ndi mtima wawo. Unali wotupa ngati chibakera cha munthu wamkulu. Munthu wa zaka zimenezi sagona chokhala masiku anayi."

"Nanga bala?"

"Lilibe magazi. Khungu lang'ambika, koma silinatupe. Bala limeneli analilandira atapita kale."

"Anamwalira nthawi yanji?"

"Cha m'ma fili. Ikachedwetsa folo."

"Buku la papampu likuti anadinda chala 6:40."

Dokotala anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya.

"Ndiye muli ndi mtembo womvera malamulo, a Sajeni. Unadikira maola atatu, n'kudinda."

*

Kupolisi anapeza galimoto ya a Telala itafika kale. Apolisi anayi anachita kuikankha, n'kuiimika kuseri, pafupi ndi mulu wa njinga zolandidwa. Kiyi anali atapachikidwa pamsomali kukauntala. Wailesi ya pamenepo inali ikulira mokweza, ndipo pulogalamu ya masana inali itayamba.

Woimba foni wina ankalira. Ankati bambo wokalamba wafera pamzere, ndipo amene wamupha ndi amene analamula kuti mwini galimoto azikhalamo yekha. Wina anati ayi, amupha ndi mavenda obisa mafuta. Wachitatu anati onse akunama, vuto ndi ndalama zakunja, ndipo anadulidwa asanamalize. Kenaka analankhula mneneri wa boma, mawu ake osalala ngati wangomwa uchi.

"Tikupepesa banja lofedwa. Koma anthu adziwe chilungamo. Malipoti amene tili nawo akusonyeza kuti thanki ya galimoto ya bamboyu inali ndi mafuta opitirira theka. Nanga pamzere ankafunapo chiyani? Awa ndi anthu amene tikunena aja, omangobwerera pamzere kuti akagulitse mafuta kuseri. Mizere imeneyi ikutalika chifukwa cha dyera, osati chifukwa cha boma."

Sajeni anathimitsa wailesiyo. Analowa mu ofesi ya a Insipekitala osagogoda.

"Ndani wawauza za thanki?"

"Anafunsa, ndawayankha," anatero a Insipekitala, maso ali pamapepala. Anali munthu waudongo, wotsala chaka chimodzi kuti apume pantchito. "Dokotala akuti chiyani?"

Sajeni anafotokoza.

"Chabwino, si kupha. Koma wina anatenga chala cha mtembo n'kudinda m'buku la boma. Kumeneko ndi kuba mafuta mwachinyengo, ndipo pa lamulo latsopanoli ndi zaka ziwiri. Akuluakulu akufuna munthu woti amuonetse. Dalaivalayo akhale m'chitolokosi momwemo mpaka atchule dzina."

"Wakuba akanapopa mafutawo n'kuthawa nawo, bwana. Ameneyu anawasiya m'thanki, anaimika galimoto pamthunzi, anakoka handibuleki, n'kuwafunditsa chipewa kumaso."

"Ndiye ndi wakuba waulemu. Kamupezeni."

Sajeni anali atamupeza kale mumtima, kungoti sankafuna kufika. Munthu amene anamwalira cha m'ma fili sakanakhala ndi tiyi wotentha eyiti koloko. Tiyiyo anachita kubwera, ndipo anachokera kunyumba.

*

Nyumba ya a Telala inali kumapeto kwa kanjira kokumbika, kuseri kwa msika. Pakhonde panali azibambo ochepa atakhala pamabenchi, akunong'onezana za zimene anamva pawailesi. Ataona yunifolomu anasiya.

Pabalaza, pakati pa azimayi, mkazi wa a Telala anali atakhala pampando wamanja, chifukwa pansi sakanatha. Miyendo yawo inali yotupa mpaka khungu kunyezimira, nkhope yofufuma, mpweya ukutuluka mwaphokoso. Anali atavala diresi yabwino ya maluwa obiriwira, ndipo pambali pa mpando panali kachikwama kotseka, bulangete litapindidwa pamwamba.

Sajeni anagwada n'kuwagwira dzanja.

"Pepani, mayi."

"Zikomo, mwana wanga. Munawaona?"

"Ndinawaona. Anapita ali m'tulo. Sanavutike."

"Ndinawauza ine. Ndimvekere, 'Bambo, bwererani, mudzagone pabedi, impso zangazi zatha kale.' Amvekere, 'Iwe konza chikwama, Lachinayi tikupita.'" Anapuma kaye. "Ndiye ndakonza."

Mayi woyandikana nawo nyumba ndi amene anamufotokozera Sajeni chapansipansi. Impso za mayiwo zinasiya kugwira ntchito chaka chatha. Kawiri pasabata ankayenera kupita kuchipatala chachikulu cha mumzinda, ulendo wa maola awiri, kuti makina akawasefe magazi. Mabasi anasiya kuyenda, ambulansi inalibe mafuta, ndipo anali ataphonya maulendo atatu.

"Mwana wawo ali kuti?" anafunsa Sajeni.

Mwanayo anatulukira kukhitchini. Anali mtsikana wa zaka ngati makumi atatu, wamtali ngati bambo ake, mphunzitsi wa sukulu ya mkaka. Maso ake anali ouma. Manja anali atawakulunga m'kansalu kopukutira mbale.

"Mundigawireko madzi akumwa, achemwali," anatero Sajeni.

Mtsikanayo anabwera ndi kapu, n'kuipereka ndi manja awiri monga mwa ulemu. Kansalu kaja kanagwa. Khungu la zala zake linali lofiira ndi kupukuta, koma inki inali ikadalipo: pachala chachikulu ndi pachala cholozera cha dzanja lamanja, m'kati mokhamokha, pamene munthu amapanira chinthu.

Anayang'anana.

"Tiyeni kuchipinda chosokera," anatero mtsikanayo. "Amayi asamve."

*

Kachipindako kanali kodzaza ndi nsalu za eni ake. Pakhoma panali mayunifolomu a sukulu opanda mikono, diresi la ukwati lokutidwa ndi pepala, jekete lojambulidwa ndi choko. Mtsikanayo anakhala pampando wa bambo ake kuseri kwa makina, n'kuika phazi pachopondera osachiponda.

"Ndinkawapititsira tiyi m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu," anayamba. "Lero ndamva kuti thankala yafika, ndiye ndinathamanga. Ndimati ndikawapeza akusangalala. Ndafika, mzere wayamba kusuntha, anthu akuwaimbira mabelu kumbuyo. Ndati, 'Ababa, dzukani, mafuta abwera.' Ndawagwira tsaya."

Anasalaza nsalu imene inali pamakina.

"Kutsogolo kwawo kunali galimoto zisanu ndi imodzi zokha, a Sajeni. Ndinaziwerenga. Pampu ndinkaiona apo."

"Munakuwa?"

"Ndinatsegula pakamwa. Koma ndinaganiza: ndikakuwa, abwera apolisi, galimoto aichotsa pamzere, ndipo mwini wake kulibenso woti adinde. Masiku anayi aja apita pachabe. Ndiye Loweruka tidzaika maliro awiri." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Ndinatenga chipewa n'kuwaphimba. A Chimphepo anabwera kudzakankha, anasuzumira, anandiyang'ana. Sindinanene kanthu. Iwonso sananene kanthu. Anangoitana anzawo, amvekere, 'Tiyeni, madala agona, musawadzutse.'"

"Chiwongolero munagwira ndinu."

"Ndili panja, dzanja lamanzere pawindo. Kuyendetsa sindidziwa. Ankati adzandiphunzitsa mafuta akadzabwerera. Titafika papampu sindinadziwe poimitsira, tayala linagunda chipupa cha simenti chija. Mutu wawo unapita kutsogolo. Unagunda chiwongolero, phoo. Ababa anali munthu woti akadzibaya ndi singano, nyumba yonse imve. Sanati n'komwe mayo."

Sajeni anayang'ana diresi la ukwati lija mpaka maso ake atasiya kuyabwa.

"Ndinawatsamiritsanso pampando, ndinawabwezera chipewa. Mayi wa papampu anabwera ndi buku. Ndinatenga dzanja lawo. Chala chinali chitayamba kuuma, ndinachita kuchiwongola. Dzanja limene lija linkandimanga maliboni kumutu. Mayiyo anaona zonse. Anangotembenuzira nkhope kumbali n'kuthira mafuta."

"Bwanji munawasiya pamtengo?"

"Ndimati ndidzauze amayi, ndipeze woyendetsa, tiwatengere ababa kuchipatala chakuno, ife tipitirire mumzinda. Ndafika pano, ndapeza amayi avala kale diresi lija, akhala pakhomo, amvekere, 'Mafuta apezeka?' Ndati, 'Apezeka.' Amvekere, 'Ndinadziwa, bambo ako sanama.' Ndiye ndikanayambira pati? Ndinalowa muno, ndinakhala pampando uno. Sindikudziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji. Kenaka anthu anabwera akulira."

Anadzutsa mutu, ndipo kwa nthawi yoyamba mkwiyo unaoneka.

"Pawailesi akuti ababa anali adyera. Munthu amene anakana kugula wa m'zigubu ngakhale amalume atamupezera, amvekere ndi kuphwanya lamulo. Ankalikhulupirira lamulo limeneli, a Sajeni. Ankakangana ndi aliyense. Ine ndi amene ndawadetsera dzina. Ndimangeni, ndikanena zonse pamaso pa aliyense. Koma muyambe mwawapititsa amayi. Anesi anati akaphonyanso ulendo wina, madzi afika m'mapapo."

Sajeni anatulutsa kabuku kake. Analemba tsiku. Anayang'ana cholembera, n'kutseka kabukuko.

"Kumakina osefa magazi kuja amatseka nthawi yanji?"

"Olandira omaliza amalowa faifi."

Wotchi ya pakhoma inkati kota pasiti wani.

"Akonzekeretseni amayi. Ndikubwera ndi galimoto."

"Nanga mlandu?"

"Dokotala akuti ndi mtima. Ine ndikalemba kuti ndi mtima. Za chala, ndafunsa mzere wonse, palibe anaona." Anaima. "Manjawo muziwasunga m'kansalu."

*

Anayenda mothamanga, thukuta likutsikira m'kolala. Ankadziwa chimene chimuchitikire: kalata yochenjeza, mwina kusamutsidwira kumalire, mwina kuchotsedwa mizere. Anadabwa kuti sizinkamuopsa.

Ofesi ya a Insipekitala inali yokhoma. Iye anaona ngati mwayi. Analemba lipoti la mizere isanu, anasainira yekha kuti galimoto ibwezedwe kwa eni ake, n'kukatsegula chitolokosi.

"Tulukani, Chimphepo. Mumatha kuyendetsa galimoto yaing'ono?"

"Ine ndimayendetsa chilichonse chokhala ndi matayala. Tikupita kuti?"

"Mumzinda, ndi mkazi wa a Telala. Tikafike faifi isanakwane."

Chimphepo anamuyang'anitsitsa, kenaka anavula kapusi n'kupukuta nayo kumaso.

"Tikafika folo," anatero.

Kiyi anali pamsomali pomwe paja. Anazungulira kuseri. Chimphepo anachotsa thalauzi lake pampando mosamala, singano ili pomwepo, n'kuliika kumbuyo. Anakhala pamene anakhala a Telala, anapempha pepani chapansipansi, n'kupotokola kiyi.

Injini inatsokomola, inagwira, inalira pang'ono, n'kuzima.

Anayesanso. Inatsokomola kokha.

"A Sajeni," anatero. "Taonani kamuvi."

Kamuvi kanali chigonere pansi penipeni.

Chimphepo anatsika n'kuzungulira. Chivindikiro cha thanki chinali chotsekedwa mopotoka. Pansi pake, pafumbi, panali banga lonyowa lalikulu ngati mbale, ndi mkombero wa pamene panakhala chigubu. Kuseri kwa njinga zolandidwa zija kunali paipi yobiriwira, ikudontha.

Sajeni anapita kugeti. Wapolisi wa pamenepo, bambo wa imvi amene anayamba naye ntchito chaka chimodzi, anaimirira n'kuyang'ana pamwamba pa mutu wake.

"Galimoto ya polisi ili kuti?"

Pamene inaima masiku asanu ndi anayi panali mazira awiri ndi nkhuku yosokonezeka.

"Bwana atuluka nayo, a Sajeni."

"Ndi mafuta ati?"

"Anaitanidwa mwadzidzidzi kulikulu. Akuti kuli msonkhano wa akuluakulu, wokambirana za chitetezo pamizere ya mafuta. Anati sangalephere. Anati tingobwereka, tidzabweza thankala ina ikabwera." Anatsitsa mawu. "Anati mwini wake sakuwafunanso."

"Anyamuka nthawi yanji?"

"Wani koloko."

Sajeni anaimba foni ya a Insipekitala. Inalira mpaka kuduka. Anaimba kuchipatala, anati ambulansi ili pamiyala. Anaimba kwa mkulu wa malo omwetsera mafuta. Anati matanki ndi ouma, ngakhale atabwera ndi mfuti. Anaimba kwa mwamuna wake. Njinga yamoto inali ndi lita imodzi, ndipo mayi wotupa chotero sakanakhalapo. Chimphepo naye ankaimba kwa anzake mmodzimmodzi, poyamba mokuwa, kenaka mochonderera. Amene anamwetsa m'mawa anali atapita kale ndi anthu kutali. Wina analonjeza malita atatu mawa.

"Ine ndili wachitatu pamzere," anatero Chimphepo pomaliza. "Thankala ikangobwera, anga onse ndi awo."

"Ibwera liti?"

Chimphepo anazula kiyi n'kumupatsa Sajeni.

*

Inali itadutsa fili koloko pamene Sajeni anakhota pamsika. Kanjira kokumbika kaja sanafike nako. Anthu anali atawanyamula mayiwo ndi mpando womwe n'kudzawakhazika m'mbali mwa msewu waukulu, kuti galimoto isavutike kulowa ndi kutembenuka. Mayi woyandikana nawo uja anawagwirira ambulera. Kachikwama kanali pamiyendo, manja onse awiri atakagwira.

Mtsikana uja ndi amene anayamba kumuona. Anayang'ana Sajeni, kenaka anayang'ana kumbuyo kwake, msewu wonse mpaka pokhota. Munalibe kanthu koma munthu wokankha wilibala. Anayang'ananso Sajeni, ndipo kansalu kanagwa m'manja mwake, osakatola.

Sajeni anafika n'kugwada pafumbi patsogolo pa mpandowo. Pa zaka makumi awiri ndi ziwiri anagogodapo pamakomo ambiri ndi uthenga woipa, ndipo mawu ake ankawadziwa pamtima. Apa anawafunafuna, osawapeza.

Mkazi wa a Telala anamuyang'ana, akupuma movutikira, n'kumwetulira pang'ono ngati womupepesa chifukwa chomuvutitsa.

"Mwaimika patali, mwana wanga?" anafunsa. "Musadandaule. Mukandigwira mbali zonse ziwiri, ndikhoza kuyendako pang'ono."